Ntchito Yobisika Kuseri kwa Tayala

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Pa zambiri zogwera munthu mawuwa ndi oona, koma beringi ya tayala la galimoto ng'oma imaimba ndithu. Isanafe imalira, ndipo imalira nthawi yaitali. Imayamba ndi kaphokoso kapansipansi kamene umangokamva pa tala wosalala, galimoto ikafika pa makilomita 50 kapena 60 pa ola, magalasi ali otseka, wailesi ili yozima. Pakamapita masabata kaphokoso kaja kamakula, kamayamba kumveka ngakhale ukuyenda pang'onopang'ono, mpaka kamasanduka kulirima konga kwa chigayo chomvekera kutsidya kwa dambo. Mwa zitsulo zonse za galimoto zimene zikhoza kuphetsa anthu, n'zochepa zimene zimachenjeza moleza mtima chotere.

Komabe ambirife chenjezolo timalizolowera. Mukakwera minibasi kapena timagalimoto ta matola, tcherani khutu cha kumatayala. Nthawi zambiri kulirimako kulipo, dalaivala akukumva, kondakitala akukumva, nyimbo angoikweza. Sindifulumira kuwadzudzula, poti ndikudziwa kuti galimoto ikaswera pa galaja, mwini wake madzulo amafunabe ndalama ya tsikulo. Koma chithereni beringi ya galimoto yanga ndakhala ndikusinkhasinkha za kachitsulo kameneka, ndipo ndaona kuti kumva phokoso n'poyambira chabe. Nkhani yagona pa mmene beringi yatsopano imalowera pamalo pake, ntchito imene palibe angaionenso tayala likangobwezeredwa.

Tayala limamangidwa pa habu, ndipo habuyo imazungulira m'kati mwa chitsulo china chokhuthala chimene chimagwira shoko, mabuleki ndi mkono wa chiwongolero. Pakati pa chozungulira ndi chosazunguliracho ndi pamene pamakhala beringi: mphete za chitsulo cholimba kwambiri, ina m'kati mwa inzake, pakati pake pali timipira tachitsulo tosambira m'girizi, uku ndi uku kuli labala wotsekera kuti girizi asatuluke, fumbi ndi madzi zisalowe. Amene anaimapo pansi pa mtengo kuonerera wokonza njinga za kabaza akumasula habu, n'kumamata timipira pa girizi kamodzikamodzi, nzeru yake akuidziwa kale. Chosiyana ndi katundu. Galimoto yaing'ono yopanda munthu imalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo kulemera konseko kumatsikira pansi kudzera pa timalo tochepetsetsa pamene timipira takhudza mphete. Tayala la galimoto yotere limazungulira maulendo pafupifupi 500 pa kilomita iliyonse, kutanthauza maulendo oposa 10 pa sekondi ukamayenda pa 80. Ukachoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa, mtunda woposa makilomita 300, beringi iliyonse imakhala itazungulira maulendo oposa 150,000. Kumene misewu ili yabwino, beringi imapitirira makilomita 100,000 isanadandaule. Koma magalimoto athu ambiri amatsika sitima ku Dar es Salaam atayenda kale ku Japan, amabwera pa msewu kudzera pa Songwe, ndiyeno n'kuyamba moyo wa m'maenje.

Beringi yanga yolirayo inali ya kutsogolo kumanzere, koma khutu langa lokha silikanandiuza zimenezo. Phokoso la beringi limayenda m'zitsulo za galimoto, moti wokhala pa chiwongolero akhoza kulumbira kuti likuchokera kumbuyo pamene lili kutsogolo. Amakaniko amene ndinawapeza ku Biwi, bambo achikulire a imvi za apo ndi apo, sanafune kutchula matenda asanaiyendetse okha.

"Bwana, khalani mbali iyi ndiyendetse ine," anatero. "Wailesi muzimitse, ndipo tisacheze."

Tinatuluka m'tauni mpaka pa msewu wowongoka wopanda magalimoto ambiri. Anaithamangitsa mpaka phokoso litamveka bwino, kenako anachotsa giya kuti iziyenda yokha. Injini inatsitsa mawu, kulirima kunakhala momwemo. "Chikulirachi chikutsata matayala, injini ilibe mlandu," anatero. Ndiye anayamba kuipendeketsa mofatsa, chiwongolero kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, osatuluka mbali yawo ya msewu. Akakhotera kumanja phokoso linkakula, akakhotera kumanzere linkazilala. Galimoto ikamakhotera kumanja thupi lake limatsamira kumanzere, ndipo beringi ya kumanzere ndi imene imasenza. Yodwala ikasenzetsedwa imabuula, ikapepukidwa imapuma.

Kukankha kwa cham'mbali kumeneku kunavutitsa anthu magalimoto asanachuluke. Henry Timken, amene ankapanga ngolo zokokedwa ndi akavalo ku St. Louis m'dziko la America, ankaona kuti pa kona gudumu silingosenza katundu wochokera pamwamba, limakankhidwiranso m'mbali. Mu 1898 analembetsa beringi ya timigolo tachitsulo tochepa mbali imodzi, yotha kulandira mphamvu zonse ziwirizo, ndipo mtundu umenewu ulipobe m'malole, m'mapikapu ambiri, ngakhale m'ngolo zathu za ng'ombe zopangidwa ndi ekiselo ya galimoto yakufa. Timagalimoto tambiri ta masiku ano tili ndi mizere iwiri ya timipira yokhala mopendekeka, koma nkhondo yake ndi yomweyo. N'chifukwa chake kona imaulula chimene msewu wowongoka ukubisa.

Titabwerera pa galaja sanathamangire sipanala. Anati khutu nthawi zina limanamiza, chifukwa beringi ya mizere iwiri ikhoza kulira pa kona imene suikuyembekezera, komanso tayala lodyeka mosalingana limalirima ndendende ngati beringi. Anasisita tayala lililonse ndi chikhatho kufuna kumva ngati lili ndi mabampu. Akanapeza lotere, anati, akanalisinthanitsa ndi la kumbuyo n'kuona ngati phokoso lasamuka nalo. CV joint, cholumikizira cha pa shafuti yozungulitsa tayala, anaichotsa msanga pa mlandu, poti iyo siilirima, imachita tcha tcha tcha ukapinda chiwongolero chonse ponyamuka. Kenako anakweza galimoto ndi jeke n'kuikhazika pa zitsulo zochirikizira, osati pa njerwa zimene zimaphwanyika munthu ali kunsi. Anagwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza mwamphamvu. Silinagwedere. Ine mtima unayamba kukhala pansi, koma iwo anapukusa mutu. Beringi zamakonozi, anati, zimalira miyezi zisanayambe kugwedera, ndipo ikafika pa gwedegwede ndiye kuti yapita kale patali. Anauza mnyamata wawo kuti azungulitse tayala ndi manja, iwo atagwira sipuling'i ya shoko. Ndiyeno anatenga dzanja langa n'kuliika pomwepo. Ndinamva kunjenjemera kokhakhala kukubwera m'zala. Tinachita chimodzimodzi kumanja: tayala likuzungulira, sipuling'i ili duu.

Nthawi yonseyi panalibe nati ndi imodzi yomwe imene inamasulidwa, ndipo ndiyo nthawi imene eni magalimotofe sitiiwerengera polipira. Timaona ngati ntchito imayamba sipanala ikagwira chitsulo. Chonsecho makaniko wongoganizira akhoza kukusinthirani beringi ya bwinobwino ya kumanja, mwalipira, mwanyamuka, phokoso likadalipo.

Pambuyo pake, beringi yakale itatuluka n'kutsegulidwa, chimene chinaipha chinaonekera poyera. Girizi anali atasanduka phala lofiirira ndi dzimbiri, ndipo njira yoyendamo timipira inali itakumbika timaenje. Madzi ndiwo anayamba. Habu yotentha ndi ulendo ikalowa m'chithaphwi, mpweya wa m'kati umazizira n'kunyala, ndipo madzi amakokedwa kudutsa pa labala wotopa. Dzinja lililonse timawolotsa magalimoto m'madzi ofika m'mahabu, ndipo amene ankayenda m'chigawo cha kummwera pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene misewu inakhalira. Maenje amamaliza. Tayala likagwera m'dzenje pa liwiro, timipira timamenya mphete kamodzi kokha mwamphamvu, n'kusiya chipsera chimene chimakula pa kuzungulira kulikonse. Bambo aja anati za kumanzere ndi zimene amasintha kawirikawiri, ndipo ndikuwakhulupirira. Ife timayenda kumanzere, m'mphepete mwa tala mmene mwadyeka. Ukakumana ndi thiraki pamalo opapatiza pa M1, tayala la kumanzere ndi limene limatsika gubudu kuchoka pa tala. Onjezerani matumba a chimanga nthawi yokolola ndi a feteleza nthawi yobzala, m'galimoto imene anaipangira anthu asanu ndi tizikwama tawo.

Beringi yosiyidwa osasintha imathera poipa. Kukhulana kumabweretsa kutentha, kutentha kumawotcha girizi wotsalayo, timipira timayamba kusweka. Tayala logwedera limakankha mabuleki, moti phazi limayamba kulowa kwambiri galimoto isanagwire. Habu ndi chitsulo choigwira zimadyeka, ndipo ntchito imene ikanafuna sipeya imodzi imafuna zitatu. Pamapeto beringi ikhoza kugwira mwadzidzidzi kapena tayala kupatukana ndi galimoto ili pa liwiro.

Ku mashopu a masipeya mudzauzidwa mitengo iwiri kapena itatu ya beringi ya nambala imodzi. Maina odalirika ndi odziwika: NSK, NTN ndi Koyo a ku Japan, FAG ya ku Germany, Timken ya ku America, ndi SKF ya ku Sweden imene inayamba mu 1907. Poti mainawa ndi odalirika, ndi omwewonso akathyali amadinda pa makatoni a zinthu zachinyengo, ndipo makampani eni akewo akhala akuchenjeza za zimenezi poyera. Yabodza imanyezimira chimodzimodzi ndi yeniyeni. Kusiyana kuli m'kati mwa chitsulo, pa mmene anachiwotchera kuti chilimbe, pa kusalala kwa njira ya timipira, pa labala ndi pa girizi, zonse zosaoneka uli pa kauntala. Mtengo wotsika modabwitsa ndiwo chizindikiro chimene wogula ali nacho. Ena amasankha kugula chitsulo chonse cha kaunjika, habu ndi beringi zili momwemo, chochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa. Nzeru imeneyo sindiinyoza, chifukwa beringiyo inalowetsedwa ku fakitale, ngakhale mtunda umene yayenda ndi wosadziwika. Koma beringi yakale yotulutsidwa payokha musaigule ngakhale akupatseni mwaulere. Potuluka pomwepo imakhala itawonongeka.

Pa galaja paja kumasula kunayenda msanga. Anatsitsa kaye galimoto kuti nati yaikulu ya pakati pa habu imasuke tayala litagwira pansi, n'kuikwezanso. Chogwirira mabuleki anachikoloweka ndi waya kuti chisalendewere pa paipi yake ya labala. Kawaya ka ABS ya mabuleki anakachotsa mosamala, pa mabawuti a shoko anaikapo chizindikiro kuti tayala likabwerere poima pake, shafuti anaikankhira m'kati, ndipo chitsulo chonse chinatuluka chili m'manja.

Apa ndi pamene amakaniko amasiyanirana. Beringi ya mtundu uwu imakhala yothina m'chitsulo chake mwadala, ndipo kuti ituluke kapena kulowa pamafunika mphamvu ya matani angapo. Njira zilipo ziwiri, makina a pulesi kapena hamala.

"Pulesi ndilibe, bwana, koma beringi yatsopano sindimenya ndi hamala," anatero. "Tipite nayo kwa anzathu kuseriku. Kumeneko mukalipira padera."

Mawu amenewa ndi amene anandichititsa kulemba nkhani ino. Mu 1900 injiniya wa ku Sweden, Johan August Brinell, anaonetsa njira yoyezera kulimba kwa chitsulo pokanikiza kampira kolimba pa chitsulocho n'kuyeza dzenje limene kasiya. Chimene iye ankachita mwadala poyeza ndi chimene hamala imachita m'kati mwa beringi yatsopano. Mphamvu ya kumenya ikadutsa pa timipira, kampira kalikonse kamadinda kadzenje pa mphete. Timaenjeto maso sangatione, ndipo tsiku loyamba khutu silingatimve. Koma timipira tikamadutsapo mobwerezabwereza pa kilomita iliyonse, m'mphepete mwa kadzenje mumayamba kutekedzeka, ndipo pakapita miyezi yochepa galimoto ikuliranso. Mwini wake amakatukwana wa shopu kuti anamugulitsa feki, wa shopu amaloza misewu, ndipo hamala ija palibe amaikumbuka.

Ngakhale pulesi imapha beringi ikakhala m'manja mwa wosadziwa. Ndinaima pambali kuonerera. Polowetsa beringi m'chitsulo chake, anasankha chokankhira chokhudza mphete ya kunja yokha. Polowetsa habu m'kati mwa beringi, anachirikiza mphete ya m'kati kuchokera pansi, kuti mphamvu isadutse pa timipira. Asanayambe zonsezi anayendetsa kachitsulo kakang'ono pa labala wa mbali zonse ziwiri, ndipo mbali imodzi kanakakamira. Mbali imeneyo ili ndi maginito amene ABS imawerengera liwiro la tayala, ndipo iyenera kuyang'ana kumene kuli kawaya kaja. Ukaitembenuza, nyale ya ABS imayaka, ndipo kuti uikonze uyenera kuitulutsa, kutanthauza kugula ina. Mphete ya beringi yakale imene inatsalira pa habu anaicheka pang'ono ndi galainda, osafikitsa pa habu, n'kuithyola ndi tchizulo. Anapukuta habuyo n'kuiyang'anitsitsa padzuwa ngati yakandika. Kamphete kotsekera beringi anaonetsetsa kuti kakhala m'ngalande yake kuzungulira konse.

Chomaliza chinali nati. Anagula yatsopano, chifukwa mlomo wa yakale unali utapindidwa kale kamodzi. Ambiri amaiona ngati yongoletsa tayala kugwa, koma ndi imene imapanikiza mphete za m'kati mwa beringi pa mlingo woyenera. Ikalekerera, beringi imagwedera n'kudzidya. Ikathina mopyola, imatentha. Opanga galimoto amalemba mlingo wake, ndipo pa ma Toyota ang'onoang'ono ambiri ndi 216 Nm pa matayala a kutsogolo. Chofala m'magalaja mwathu n'kulowetsa paipi yaitali pa sipanala, mnyamata n'kudumphirapo mpaka atamva kuti yakwana. Bambo aja anatulutsa sipanala yoyeza mphamvu m'bokosi lake, yokutidwa m'nsalu, n'kumanga mpaka inalira kuti tha. Anapinda mlomo wa nati m'kangalande ka shafuti kuti isabwerere. Sanalole kuti galimoto ikankhidwe ndi pang'ono pomwe natiyo isanamangidwe. Anandiuzanso kuti pa maberingi akale a timigolo lamulo lake ndi lina: nati umaimanga, n'kuibweza pang'ono, n'kutsekera ndi pini, ndipo girizi umatha kumusintha. Wozolowera mtundu umodzi akagwiritsa dzanja lomwelo pa mtundu winawo amawononga.

Tayala litabwerera, galimoto inkaoneka monga mmene inabwerera m'mawa, ndipo pa msewu inali chete. Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti galimoto yokonzedwa ndi hamala ikanachokanso pa galaja ili chete tsiku limenelo. Ngakhale oyeza magalimoto popereka COF akhoza kugwira tayala logwedera, koma timaenje ta hamala sangatione. Mayi wokwera minibasi pa Ntcheu mwana ali kumsana sadziwa amene anamanga nati ya tayala limene wakhalira, ndipo sadzamuona. Moyo wake watsamira pa chikumbumtima cha munthu amene anali ndi mpata wochita zachidule popanda womugwira.

N'kosavuta kuloza amakaniko chala, koma ndakhala pa magalaja mokwanira kuti ndimve mmene eni magalimotofe timalankhulira. Timafika mochedwa, beringi italira miyezi, tili ndi ulendo wa kumaliro kapena wa kuukwati mawa lake. Timanenerera mtengo mpaka ya pulesi itachoka. "Ingomenyani, achimwene, bola ilowe." Amene wamaliza pa ola limodzi timamutcha katswiri n'kumutumizira anzathu, amene wati tidikire timati ngochedwa ndiponso ngodula. Makaniko wabwino, kaya anaphunzira ku Lilongwe Technical College kapena ku Soche, kaya anakulira pa galaja ya amalume ake, amadziwa chimene hamala imachita. Koma naye ali ndi lendi ndi ana a sukulu, ndipo makasitomala akamathawira kwa womenya, tsiku lina naye adzatola hamala. Choopsa kwambiri n'chakuti anyamata ophunzira ntchito aja akuona. Akuphunzira njira imene ikubweretsa ndalama, ndipo ndi amene adzakonze magalimoto amene ana athu adzakwere.

Sindikunena kuti galaja iliyonse igule pulesi, poti ndalama yake si yamasewera. Pulesi imodzi ikhoza kutumikira magalaja khumi oyandikana, monga ndinaonera ku Biwi, malinga eni magalimoto avomere kulipira kaulendo kameneko. Sipanala yoyeza mphamvu nayo amakaniko amatha kubwerekana.

Tsono inu a galimoto, kaya ndi yanuyanu kaya ndi ya matola, mukapita kukasintha beringi funsani zinthu ziwiri ntchito isanayambe: ilowa ndi chiyani, ndipo nati imangidwa ndi chiyani. Akakuuzani kuti pulesi ili kwa anzawo ndipo mubwere mawa, isiyeni galimotoyo igone. Ya pulesi mulipire, ndipo nthawi imene makaniko wathera pomvetsera ndi kuyeza muiwerengere pa malipiro ake osanyinyirika.